Mmene mungakonzere ulendo wapamwamba wa ku Cape Town pamodzi ndi anzanu

Chibwerereni ku Cape Town, kumene ndinapita kachiwiri pamodzi ndi anzanga asanu, anthu akhala akundifunsa kuti tinagona kuti, tinaona zotani, ndiponso tinatani kuti anthu asanu ndi mmodzi tiwononge ndalama zochuluka chotero popanda kukangana. Funso lomalizali ndi limene ndimaliona lolemera, chifukwa ndikudziwa anthu amene ananyamuka ali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, koma anabwerako asakupatsana ndi moni womwe chifukwa cha bilu ya chakudya cha usiku umodzi. Ndalemba malangizowa kuti aliyense wondifunsa ndizingomulozera pano. Ndikunena za ulendo wa masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, wa anthu amene asunga ndalama kwa nthawi yaitali ndipo akufuna kugona pabwino, kudya bwino ndi kuona mzindawu mosathamanga.

1. Sankhani anthu ndi nyengo

Gulu labwino ndi la anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi, popeza anthu otere amakwana m'galimoto imodzi yaikulu komanso pa tebulo limodzi. Mukapitirira pamenepo mudzafuna galimoto ziwiri, ndipo chilichonse chimene mukufuna kuchita chidzayamba ndi msonkhano.

Nyengo ya ku Cape Town ndi yosiyana ndi yakwathu: mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira June mpaka August, pamene December mpaka February kumatentha ndipo kumakhala kouma. Anthu ambiri amalakwitsa posankha masabata a Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Nthawi imeneyo sukulu za ku South Africa zimakhala pa tchuthi, mitengo ya zipinda imakwera kwambiri, misewu ya kugombe imadzaza, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni mzinda amaitcha Cape Doctor, imawomba mwamphamvu. Ine ndimalangiza miyezi ya February, March kapena April, pamene kukadali kofunda, khamu lachepa, ndipo m'minda ya mpesa akukolola kapena angomaliza kumene.

2. Kambiranani za ndalama musanagule tikiti ngakhale imodzi

Apa ndi pamene ndichedwepo, chifukwa malangizo ambiri amangoti pangani bajeti, n'kudumphira ku malo okongola. Vuto lenileni si kuwerengera ndalama ayi. Vuto ndi lakuti anthu okondana sapeza mofanana, ndipo mwa chikhalidwe chathu munthu amachita manyazi kunena kuti izi zandikulira. Amangovomera pa gulu la WhatsApp, kenako n'kumadandaulira mumtima ulendo wonse.

Choyamba, sankhani msungichuma mmodzi, munthu amene nonse mumamukhulupirira ndipo saopa kukumbutsa mnzake za ngongole. Aliyense amuuze yekha, mwamseri, malire a ndalama zimene angathe kuwononga pa ulendo wonse. Msungichumayo atenge chiwerengero chochepetsetsa pa zonse n'kuchilengeza ngati muyeso wa gulu, osatchula kuti chachokera kwa ndani. Ulendo wa onse umangidwe pa muyeso umenewo. Amene ali ndi thumba lakuya akhoza kudziwonjezera chipinda chachikulu kapena ulendo wa pa helikopita ndi ndalama zake, koma sayenera kukokera gulu lonse kumene ena sangafike.

Chachiwiri, gawani ndalama m'magawo atatu ndipo mulembe. Gawo loyamba ndi thumba la onse: malo ogona, galimoto ndi dalaivala, matikiti olowera m'malo amene mwagwirizana, ndi chakudya chamadzulo chimene mudzadyere pamodzi. Gawo lachiwiri ndi la aliyense payekha: tikiti ya ndege, zogula m'masitolo, mowa ndi vinyo. Gawo lachitatu ndi ndalama yapadera yodikira zogwa mwadzidzidzi, imene ine ndimaiika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a thumba la onse, ndipo ikatsala imabwezedwa kwa eni ake mofanana.

Ndaika zakumwa m'gawo la aliyense payekha chifukwa cha zimene zinatichitikira pa ulendo woyamba. Usiku wachiwiri tinadya pa malo ena a m'mphepete mwa nyanja, ndipo atatu mwa ife anaitanitsa mabotolo a vinyo wodula, pamene mnzathu wina, amene samwa chifukwa cha chipembedzo chake, anangomwa madzi. Bilu itabwera wina anati tigawane mofanana. Mnzathuyo anatulutsa khadi lake osanena kanthu, analipira, koma m'galimoto pobwerera anangoyang'ana pawindo, ndipo m'mawa mwake anati mutu ukumupweteka, sapita nafe. Tinazindikira mochedwa kuti tinamulipiritsa vinyo amene sanamulawe n'komwe. Kuyambira pamenepo lamulo lathu ndi lakuti zakumwa zoledzeretsa zimawerengedwa padera, ndipo woperekera zakudya timamuuza tisanayambe kuitanitsa, osati bilu itafika kale.

Chachitatu, werengerani zonse mu rand, osati mu kwacha. Amene anali kusonkha ndalama za ulendo mu November 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa chimene ndikunena. Mukagwirizana kuti aliyense asonkhe ndalama zakutizakuti mu rand, amene wachedwa kusonkha ndiye amasenza kusintha kwa mtengo, osati gulu lonse. Popeza ndalama zakunja zimavuta kupeza kwathu kuno, aliyense apite ku banki yake miyezi iwiri ulendo usanachitike, akafunse zikalata zimene akufuna kuti amugulitse ndalama zoyendera, komanso malire a ndalama zimene khadi lake lingalipire kunja kwa dziko. Musadalire khadi la munthu mmodzi. Ngati pakati panu pali amene amakhala ku Joni kapena ku Britain ndipo ali ndi akaunti ya kumeneko, n'kwanzeru kuti iye alipire zikole za hotela, koma mubwezereni ndalama zake pa tsiku limene mwagwirizana, asanakwere ndege.

Chachinayi, ndipo ichi n'chimene anthu amachizemba kwambiri, gwirizanani chimene chidzachitike wina akasintha maganizo. Maliro amagwa, abwana amakaniza tchuthi, mwana amadwala. Nyumba imene munachita lendi anthu asanu ndi mmodzi siitsika mtengo chifukwa mwatsala asanu. Ife tinalemba kuti wosiya ulendo adzabwezeredwa ndalama zokhazo zimene hotela kapena kampani yabweza, ndipo gawo lake la zinthu zosabwezedwa lidzakhalabe lake, pokhapokha atapezeka munthu wina wolowa m'malo mwake amene gulu lonse lamuvomera. Mawuwa amamveka ouma powalemba, koma ndi bwino kuwamva miyezi inayi ulendo usanafike, aliyense mtima uli m'malo, kusiyana ndi kuwayambitsa munthu ali pa chisoni.

Sonkhani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, monga timachitira pa chipereganyu, ndipo msungichuma azitumiza chithunzi cha lisiti iliyonse pa gulu tsiku lomwelo.

3. Konzani mapepala ndi ndege

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amaloledwa kukacheza ku South Africa mpaka masiku 30 popanda viza. Pasipotiyo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale yogwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera pa tsiku lobwerera. Malamulo amasintha, choncho tsimikizani ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe musanalipire kanthu. Sindikizani tikiti yobwerera ndi kalata ya malo ogona, chifukwa a zolowa ndi kutuluka akhoza kuzifunsa. Musapitirire masiku amene akudindirani, popeza wotero amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa nthawi.

Kuchokera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka mudzatera kaye ku OR Tambo, ku Johannesburg, kenako n'kukwera ndege ina ya maola awiri kupita ku Cape Town. Pa OR Tambo muyenera kudinditsa pasipoti, kutenga katundu wanu ndi kukamuperekanso ku mbali ya ndege za m'dziko momwemo, choncho siyani maola osachepera atatu pakati pa ndege ziwirizo. Nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu, koma masoketi a magetsi ndi a mabowo ozungulira, osati ngati athu, motero gulani adaputa.

4. Sankhani malo ogona potengera mmene mudzayendere usiku

Mahotela otchuka ali m'madera atatu. Ku V&A Waterfront, doko limene dzina lake limachokera kwa Mfumukazi Victoria ndi mwana wake Alfred, kuli One&Only, Cape Grace ndi The Silo, hotela yomangidwa pamwamba pa nkhokwe yakale ya mbewu. Pansi pa nkhokwe yomweyo pali Zeitz MOCAA, nyumba yoonetsera luso lamakono la mu Africa imene inatsegulidwa mu 2017. Ubwino wa derali ndi wakuti mukhoza kuyenda pansi madzulo kupita kokadya. M'kati mwa mzinda, m'munsi mwa phiri, muli Mount Nelson, hotela ya utoto wa pinki imene inatsegulidwa mu 1899 ndipo imadziwika ndi tiyi wa masana. Ngakhale musagoneko, sungitsani malo a tiyi ameneyu tsiku limodzi. Kumbali ya nyanja ya Atlantic kuli Camps Bay, Clifton ndi Bantry Bay, kumene kuli nyumba zikuluzikulu za lendi zoyang'ana kolowera dzuwa.

Kwa anthu asanu ndi mmodzi, nyumba ya lendi kawirikawiri imatsika mtengo kuposa zipinda zisanu ndi chimodzi za hotela, ndiponso imakupatsani pabalaza pochezera. Komatu zipinda za m'nyumba sizifanana. Nthawi zonse pamakhala chimodzi chachikulu choyang'ana kunyanja ndi china chaching'ono chakumbuyo. Onani zithunzi za chipinda chilichonse muli kwanu, muike mtengo wosiyana pa chilichonse, ndipo aliyense asankhe akudziwa chimene akulipira. Funsaninso mwini nyumba ngati pali jenereta kapena mabatire, chifukwa kuzimitsa magetsi mosinthana, kumene iwo amati load shedding, kumabwera nthawi zina.

Dziwaninso kuti hotela zambiri zimagwira ndalama ina pa khadi lanu pofika, ngati chikole cha zimene mungadye kapena kuwononga. Ndalamayo sichotsedwa, koma simungaigwiritse ntchito mpaka itamasulidwa, ndipo zimenezi zikhoza kutenga masiku angapo mutachoka. Amene khadi lake lili ndi malire ochepa asalipereke pa kauntala.

5. Lolani mphepo ikusankhireni masiku

Malo awiri amene aliyense amapitira ku Cape Town amadalira nyengo, ndipo ambiri amalakwitsa powaika kumapeto kwa ulendo. Phiri la Table Mountain ndi lalitali mamita 1,086, ndipo anthu ambiri amakwera pa cable car, chikwepe choyenda pa zingwe chimene chinayamba kugwira ntchito mu 1929. Chikwepe cha masiku ano chimanyamula anthu 65, chimatenga mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Mphepo ikakula amatseka, ndipo mtambo umene amautcha tablecloth, kutanthauza nsalu ya patebulo, ukaphimba phiri simuona kanthu. Choncho musaike tsiku la phiri pa ndandanda. M'mawa uliwonse yang'anani phirilo: tsiku loyamba limene laoneka poyera, siyani zina zonse mupite, makamaka m'mamawa mzere usanatalike. Tengani juzi ngakhale pansi kukutentha.

Chilumba cha Robben Island ndi chosiyana chifukwa matikiti ake amatha msanga, motero muyenera kugula pa intaneti masabata angapo musananyamuke. Sankhani tsiku lachiwiri la ulendo, boti la m'mawa, kuti akalephereza chifukwa cha mafunde mukhale ndi masiku ena oyesanso. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway ku Waterfront, ndipo ulendo wonse umatenga pafupifupi maola anayi. Nelson Mandela anakhala pa chilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 zimene anali m'ndende, kuyambira 1964 mpaka 1982. Mudzaona kachipinda kake, mgodi wa laimu umene akaidi ankaswako miyala, ndi nyumba imene anatsekeramo payekha Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi ulamuliro wa tsankho. M'ndendemo ambiri mwa okuonetsani malo ndi anthu amene anamangidwa momwemo pa zifukwa za ndale. Musaike phwando madzulo a tsiku limenelo. Ife tinabwerako tili duu, ndipo chakudya chodula chimene tinasungitsa sitinachimve kukoma. Ndi bwino kuphatikiza tsikuli ndi District Six Museum, imene imasunga mbiri ya anthu oposa 60,000 amene anasamutsidwa mokakamiza boma litalengeza mu 1966 kuti dera la District Six ndi la azungu okha.

Masiku a mphepo kapena a mitambo ndi oyenera Zeitz MOCAA, munda wa zomera wa Kirstenbosch umene unakhazikitsidwa mu 1913, ndi Bo-Kaap, dera la nyumba za mitundu yowala kumene kuli Auwal, mzikiti wakale kuposa yonse m'dzikolo, wa mu 1794. Ku Bo-Kaap kumbukirani kuti m'nyumbazo mumakhala anthu. Musakwere pakhonde la munthu kuti mujambulitse popanda kupempha. Mukamva kuphulika kwakukulu 12 koloko masana musadzidzimuke, chifukwa ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amauomba polengeza nthawi.

6. Lembani dalaivala pa masiku awiri a kutali

Tsiku lina liperekeni ku Cape Point, nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja kum'mwera kwa mzindawu. Dzerani ku Hout Bay ndi msewu wolipira wa Chapman's Peak Drive, wa makilomita 9 wosemedwa m'phiri pamwamba pa nyanja, ndipo pobwerera muime ku Boulders Beach, ku Simon's Town, kumene kuli mbalame zosauluka zotchedwa penguin. Tengani mapasipoti, chifukwa pa zipata za Cape Point ndi Boulders nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsika kuposa alendo ochokera kutali, koma pokhapokha zitaonetsa umboni. Anyani a ku Cape Point anazolowera anthu ndipo amatsegula zitseko za galimoto. Musawapatse chakudya, ndipo musayende mutanyamula chakudya m'manja.

Tsiku lina ndi la minda ya mpesa. Munda wa Groot Constantia, umene unayamba mu 1685, uli pafupi ndi mzinda, pamene Stellenbosch ndi Franschhoek zili pa mtunda wa ola limodzi. Minda itatu pa tsiku ndi yokwanira. Pa tsikuli dalaivala wolembedwa ntchito ndi wofunika, chifukwa si chilungamo kuti mnzanu wosamwa akhale woyendetsa gulu tsiku lonse atasonkha mofanana ndi inu. Minda yambiri ili ndi malo odyera ndi maluwa okongola, kotero wosamwa sasowa chosangalala nacho.

Mumzinda gwiritsani ntchito Uber kapena Bolt, ndipo muziona nambala ya galimoto musanakwere. Musayende pansi usiku m'misewu yopanda anthu, musakwere phiri muli nokha, ndipo wina akadzipereka kukuthandizani pa ATM mukaneni. Madzi a ku Clifton ndi Camps Bay ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, motero wofuna kusambira monga amachitira ku Mangochi apite ku Muizenberg, kumene kuli kofundirako.

7. Phunzirani mawu a pa tebulo

Chakudya chapamwamba kwambiri chikhale cha usiku umodzi kapena uwiri, osati masiku onse. Malo ngati La Colombe ku Constantia kapena FYN m'kati mwa mzinda amafuna kusungitsa tebulo masabata ambiri pasadakhale, ndipo malo otere nthawi zambiri amafuna chikole pa munthu aliyense. Kumeneko mudzapeza tasting menu, kutanthauza timbale tambiri tating'onoting'ono tobwera motsatizana kwa maola atatu kapena kuposa, tosankhidwa ndi wophika. Wine pairing ndi vinyo wosiyana pa kambale kalikonse, ndipo mtengo wake ndi wapadera. Corkage ndi ndalama imene mumalipira mukabwera ndi botolo lanu. Ngati wina amadya za halaal zokha kapena pali chakudya chimene chimamudwalitsa, nenani posungitsa malo, osati mutakhala kale pansi.

Ndalama yothokozera woperekera zakudya ndi 10 mpaka 15 peresenti ya bilu. Pa tebulo la anthu ambiri malo ena amaiwonjezera okha pansi pa dzina lakuti service charge, choncho werengani bilu kuti musalipire kawiri kapena kuchoka osapereka kanthu. Ambiri ogwira ntchito m'malo amenewa ndi ochokera m'mayiko oyandikana, ndipo Amalawi aliponso ambiri. Usiku wina mnyamata amene ankatiperekera zakudya anatimva tikukambirana za nsomba, anaika mbale pansi mwaulemu n'kunena chapansipansi kuti, "Akuluakulu, tengani iyi, yafika lero." Anali wa ku Nkhata Bay. Malipiro a anthu ngati iye amadalira kwambiri ndalama yothokozayi, ndipo ndikupemphani kuti muiike mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Masiku enawo idyani za eni mzinda: bobotie, nyama yogaya yophikidwa ndi zonunkhiritsa ndi mazira pamwamba, nsomba ya snoek ndi tchipisi pa doko la Hout Bay kapena Kalk Bay, ndi gatsby, buledi wautali wodzaza nyama ndi tchipisi amene amakwanira anthu anayi.

8. Tsekani mabuku musanachoke

Usiku womaliza, musanapite kokadya, msungichuma awerenge ndalama zonse zimene zalowa ndi kutuluka pamaso pa aliyense, abweze zotsala za thumba la mwadzidzidzi, ndipo amene ali ndi ngongole kwa mnzake alipire pomwepo. Ngongole ya ulendo ikafika kunyumba imakumana ndi fizi ndi lendi, ndipo imavuta kuitchula.

Pa katundu amene mwagula kuti mupite naye kwanu, mlendo akhoza kubwezeredwa msonkho wa VAT, umene ndi 15 peresenti, ngati zonse pamodzi zapitirira R250. Msonkho wa chakudya ndi malo ogona subwezedwa. Pogula pemphani tax invoice, osati kalisiti wamba, ndipo katunduyo akhale posavuta kutulutsa chifukwa amafuna kumuona musanapereke masutikesi. Popeza mudzatulukira dziko pa OR Tambo, zimenezi mudzachitira kumeneko, choncho pa ulendo wobwerera siyaninso nthawi yokwanira pakati pa ndege ziwirizo. Mabotolo a vinyo akulungeni m'zovala ndi kuwaika m'sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja adzakulandani pa chipata.